Masamba Amene Anathothoka Kumapeto

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Maso aja akuona tsopano? Abusa anati kumeneko kulibe ng'ala, koma ine nthawi zina ndimada nkhawa kuti mwina mukupapasabe khoma kufuna ndodo yanu, pamene ndodoyo ili kuno kuseri kwa chitseko.

Ife kuno ku Nkope tilipo. Akazi a achimwene Yohane anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi. Ndi wochepa thupi, ndiye ndimapitako kawiri pa tsiku kukaona ngati akuyamwa bwino, mpaka alamu anandiuza kuti, "Inu mudzatithera chitseko." Chimanga sichinachite bwino chaka chino. Nyanja inadzaza mpaka kumiza mathandala athu oyanikapo usipa, ndipo tinawasamutsira kumtunda, pafupi ndi mtengo wa mlambe uja. Ntchito yochapa zofunda ku loji ya ku Nkopola ndikugwirabe, ngakhale msana wayamba kudandaula.

Za mabuku musafunse. Alendo amawasiya m'zipinda, bwana amati atayidwe, ine mtima sulola. Ena ndimagula okha akale aja pamsika wa ku Mangochi. Osawerenga okha afika makumi awiri ndi atatu. Ndinawachotsa m'katoni chifukwa chiswe chinayamba kulawa, tsopano ali mu chidebe cha chivundikiro pamwamba pa njerwa. Mvula ikangoyamba ndili ku ntchito, mtima umathamangira kudenga lodontha lija. Ndinadziikira lamulo lakuti ndisatole lina ndisanamalize awiri, koma ndaliphwanya kale kanayi. Munkanena zoona, kuti ine ndikanakhala nkhuku bwenzi nditafungatira mazira a mudzi wonse.

A Chingerezi amandivuta, mukudziwa sukulu ndinalekezera sitandade folo. Limodzi ndinalimbana nalo miyezi iwiri. Dokotala ndi mkazi wina ankangokangana zopanda mutu, wophika panalibe, wotunga madzi panalibe, ndipo anakwatirana opanda ankhoswe. Sindinalikonde. A zithunzi aja ndiye abwino, chifukwa nkhope imanena zonse. Abiti Saidi, mnzanu wa pamathandala, amabwereka amenewo. Mawu olembedwa m'timabwalo ta pakamwa pa anthu tija sawerenga, amaikamo awo. Akandiona amati, "Che Esnati, lero bwanji, akwatirana kapena akungoyang'anana ngati mbuzi pa msika?" Azimayi onse amadikira kuti ndiwauze buku labwino ndi loipa, tikutembenuza usipa.

Koma Amayi, chimene ndalembera kalatayi ndi china. Chandilemera chaka chonse.

Mukukumbuka buku la Chichewa lija limene ndinkakuwerengerani masana pakhonde mutayamba kudwala? La mtsikana Lusiya, amene bwenzi lake Fuledi linapita ku Joni, makolo n'kumamukakamiza kukwatiwa ndi mwini golosale. Munkalitsatira ngati ndi abale anu. Mwini golosale akalankhula munkati, "Ameneyo mawu ake ndi a shuga wambiri, tiyi wake samweka." Tsiku lililonse munkafunsa ngati Fuledi walemba kalata.

Bukulo linalibe mathero, Amayi. Ndinaligula osaliyang'ana kumbuyo. Masamba omaliza anali atathothoka, mwina wina anakulungira fodya. Ndinazindikira titatsala pang'ono kufika, inu mutasiya kale kudya. Ndinachita mantha. Ndinaganiza za abambo, amene anapita ku Joni komweko ine ndili kumsana, inu n'kukhala zaka zonse zija mukuyang'ana kumsewu basi ikaima. Ndinati mayi anga asapite akudikiranso munthu wachiwiri.

Ndiye tsiku lija ndinakunamizani. Mawu atatha, ine ndinapitiriza ndi a m'mutu mwanga. Ndinati Fuledi anatsika minibasi ndi kachikwama kamodzi, wowonda, wopanda njinga, wopanda wailesi. Ndinati anagwada pabwalo, Lusiya anamusiya pomwepo mpaka dzuwa litamuwotcha bwino, kenako anamupatsa madzi akumwa. Inu munaseka, munati, "Wachita bwino kumuchedwetsa." Patapita masiku anayi munatisiya.

Kuyambira pamenepo ndinkadzifunsa kuti munthu wonamiza mayi ake ali pa mphasa ndi munthu wotani. Kutchalitchi akamalalikira za bodza ndinkaona ngati akuloza ine. Ndipo buku lililonse la Chichewa ndikalitsegula ndinkamva mawu anu, n'kulitsekanso. N'chifukwa chake chidebe chikungodzaza.

Sabata ziwiri zapitazo ndinapita ku Mangochi kukagula sopo. Pa mulu wa bambo wina wogulitsa mabuku akale pamsika ndinaona chikuto chomwechija, lathunthu, masamba onse. Ndinaligula, ndinaliika m'chidebe pansi penipeni, ndipo masiku khumi ndinkangolizungulira. Lamulungu lapitali nditaweruka ku mapemphero ndinaliwerenga.

Fuledi sanabwere, Amayi. Anakwatira komweko. Lusiya anamva kwa munthu wa mu basi, analira tsamba limodzi, tsamba lotsatira ali pa ukwati ndi mwini golosale, ndipo wolembayo akuti anakhala mosangalala. Mathero ake ndi othamanga, ngati munthu amene pepala linkamuthera. Koma ndi amenewo enieni, ndipo munayenera kuwamva.

Ndinalephera kukhala nazo ndekha. Ndinapita kwa azakhali Nasibeko, amene ankakusambitsani masiku omaliza aja. Ndinawapeza akusoka thumba, ndinawafotokozera zonse ndikulira. Iwo sanasiye n'kusoka komwe.

"Iwe mwana," anatero, "ukuyesa alamu anga anali opusa? Ukapita ku ntchito ankalitenga bukulo n'kumalisisita. Anandiuza okha kuti, 'Ili lilibe kumbuyo, tiona mmene Esnati awolokere.'"

Ndinafunsa ngati munakwiya.

"Kukwiya? Tsiku limenelo utachoka anandiuza kuti unkatembenuza tsamba limodzimodzi katatu, ankalimva kulira kwake. Anati, 'Mwana wangayu mantha ake ndi ambiri, koma lero wabweretsa mwamuna kuchokera ku Joni ndi pakamwa pokha. Ine zaka makumi atatu ndinalephera.'"

Amayi, bwanji simunandiuze? Chaka chonse ndakhala ndikudwala ndi bodza limene inu munalilandira ndi manja awiri. Pobwerera kunyumba ndinayamba ndakwiya nanu, kenako ndinapezeka ndikuseka ndekha panjira, mpaka ana a sukulu anandipatukira.

Pepanibe, chifukwa bodza ndi bodza, ndipo ndimafuna mumve kwa ine mwini. Dzulo ndinatsegula chidebe, ndinatenga buku la Chichewa limene linali pamwamba, la mphunzitsi wokonda mkazi wamasiye, ndinawerenga masamba khumi osalitseka. Mphunzitsiyo akulankhula bwino kwambiri, sindikumukhulupirira. Ndikudanso nkhawa kuti mkaziyo ali ndi chifuwa chimene wolemba akungochitchulatchula.

Ndikulonjeza kuti onse makumi awiri ndi atatuwo ndiwawerenga, ngakhale a Chingerezi anditengere mpaka imvi, ndipo lililonse ndidzakuuzani monga linalembedwera, lithe bwino lithe moipa. Koma la Lusiya lokha tilisiye mmene tinalithera awirife pakhonde. Fuledi anabwera.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Esnati