Tiyi wa Nduna ya Sitima Zankhondo

The Pearl, Doha
18 Okutobala 2020

Okondedwa Ababa,

Asalamu alaikumu. Ine m'thupi ndili bwino, korona sanandikhudze, koma mtendere ndiye ndilibe. Madala Gwani, Atchaina okalamba aja ndinkawasamalira kuno, atisiya Lachiwiri m'chipatala.

Ndiyambire patali kuti mumvetse. Agogo awo aamuna anali a m'banja lolemekezeka la Amanchu, mtundu umene unkalamulira China kale, ndipo anali nduna yoyang'anira sitima zankhondo. Madala ankaseka okha kuti nduna imeneyi ikangoponda m'sitima inkasanza mpaka asilikali kuyang'ana kumbali. Ufumu utagwa, banjalo linagulitsa nyumba, kenako mipando, mapeto ake linasintha ndi dzina lomwe chifukwa cha mantha. Bambo awo a Madala, mwana wa nduna weniweni, anakalamba akusoka nsapato pamsika. Chimene chinatsala ndi chithunzi chimodzi chokha: nduna ili ndi nthenga pachipewa, mikanda m'khosi, nkhope ngati munthu amene amudzutsa tulo tisanathe.

Chaka chilichonse, pa tsiku limene ndunayo inamwalira, wina wa m'banjamo amaika tiyi patsogolo pa chithunzicho, n'kugwada, n'kugunditsa chipumi pansi katatu. Akuti sanadumphitsepo chaka, ngakhale nthawi yoopsa imene chithunzicho ankachibisa kudenga. Mwana wa Madala, amene ndi bwana wanga, anatsekeredwa ku China ndege zitaima chifukwa cha korona, komanso iye amati zimenezi n'zachikale. M'nyumba muno tinatsala awiri basi.

Tsikulo linakwana Madala ali kale m'chipatala, machubu ali m'mphuno. Nesi anawagwirira foni kuti tizionana.

"Rehema, mwana wanga," anatero m'Chingelezi chawo chothyokathyoka chija, "tiyi."

Ndinaphika, ndinakaika.

"Tsopano gwada. Mutu pansi, katatu basi. Lero iwe ndiwe ine."

Ababa, ndinu amene munandiphunzitsa ku madarasa kuti chipumi cha Msilamu chimagunda pansi chifukwa cha Allah yekha. Sindinagwade. Ndinati, "Madala, ndikhululukireni. Ndiuzeni china chilichonse, ndichita. Koma ichi kwa ine ndi haramu."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko. Anangondiyang'ana, n'kuyang'ananso chithunzi chimene chinali kumbuyo kwangako, kenako n'kuyamba kulimbana kuti atsike pabedi agwade okha. Nesi anawagwira, foni inagwa, ine n'kumangoona denga la chipatala. Ndinawamva akuti "halasi", mawu amene anatolera kwa ine, otanthauza kuti zatha. Mawu awo sindinawamvenso.

Munthu ameneyu, Ababa, pa Ramadani ankakana kudya masana ine ndili ndi njala. Ankakankha mbale, amvekere, "Tidyera limodzi dzuwa likalowa." Mwezi wonse wathunthu, munthu wokalamba, wa mankhwala a shuga, ine kumawakalipira ngati mwana. Iwo anapirira za chipembedzo changa osapemphedwa. Ine anandipempha kamodzi kokha, ndipo ndinakana.

Mnzanga Flora wa ku Dedza, amene amagwira ntchito kuhotela, sakumvetsa chimene ndikulirira. Akuti, "Iwe, lamulo lasintha, masiku ano sufunikanso pepala la bwana kuti uchenje ntchito. Ingoapulaya kwathu kuno, yala, fulumira!" Akunena zoona, khomo latseguka, koma miyendo yanga yalemera. Bwana akuti mwezi ukamatha nyumba ikhale yopanda kanthu, ndipo chithunzicho ndione ndekha chochita nacho. Kuchitaya sindingathe, ndipo ndikudziwa kuti m'nyumba mwanu sichingalowe.

Swala sindinasiye. Koma ndikangoti ndigunditse chipumi pamkeka, ndimaona Madala akulimbana ndi machubu aja, n'kuiwala pamene ndalekezera. Ndikudziwa kuti munena kuti ndinachita bwino. Nanenso ndimadziuza zomwezo m'mawa uliwonse, koma sizikulowa mumtima.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya, ngakhale si kwenikweni. Moni kwa Maliyamu ndi ana, komanso kwa azakhali ku Namwera. Lachisanu mukamapempherera amene anatisiya, muwonjezerepo dzina limodzi, Gwani, mdzukulu wa nduna. Ngati n'zosaloleka, Ababa, chonde musandiuze.

Ndine mwana wanu,
Rehema