Kamfuti ka Mkamwini Kali pa Walanti

Lolemba, 2 Sepitembala 2024

Oldbury, kuno ku Ulaya. Mvula yamawawa kuyambira m'mawa. Bondo lakumanzere likudandaula.

Ndikulankhula mu foni monga anandiphunzitsira mwana wanga Mildred: kudina pofiira, kunena, kudinanso. Maso sakugwiranso zilembo, ndipo za Sitandade 4 zinali zochepa kale. Ndinena pang'onopang'ono.

M'nyumba muno muli mfuti. Ya mkamwini wanga, a Wallace. Kamfuti ka m'manja, kamene obwera ku Joni ankati volovolo. Koma aka mtundu wake ngati lalanje lakupsa, mpope wotseka, sikangaphe ngakhale nkhuku. Ntchito yake phokoso basi, kuyambitsa mpikisano wothamanga. Mkati mwa sabata a Wallace amapanga magalimoto ku Solihull. Loweruka amavala malaya ofiira n'kukaphunzira kuliza kamfutiko kuti ana a eni athamange. Salipidwa. Akuluakulu a masewerawo adzawayesa pa 14 mwezi uno, mpikisano womaliza chaka chino. Adikira nthawi yaitali. Akaphonya, mpaka Epulo.

Dzana kanathyoka. Ukakoka ndi chala, ng'oma yake ya zipolopolo sizungulira.

Zimenezo n'zazing'ono. Chachikulu ndachimva ndili pa masitepe. A Wallace amauza Mildred kukhitchini za kamfutiko: "Kali pa walanti. Abwera Lachisanu kudzatenga."

Ine Frackson Kanyenda ndinali mesenjala wa khoti ku Ntchisi mpaka imvi. Walanti ndayenda nayo pa njinga, m'thumba la yunifomu. Sinapitepo pakhomo pa munthu kukangopereka moni.

Lachiwiri, 3 Sepitembala

Kufunsa mkamwini maso ndi maso, ayi. Sindinaleredwe choncho. Timalonjerana, timapatsirana mchere, zina zonse zimadzera kwa Mildred.

Mildred wafika kuchokera ku shifiti ya kuchipatala maso ali psuu. Ndamufunsa za walanti akuvula nsapato. Akuti: "Adadi, musadandaule, eni ake athana nazo. Mundidzutse fayifi." Chitseko gwa.

Eni ake athana nazo. Mawu amenewa ndinkawanena ndine kwa akazi a anthu, ndikumanga amuna awo.

A Wallace adya bwino, awonjezera nyemba, aonera mpira. Mwamuna wolimba mtima, kapena sadziwa. Ophunzira ambiri walanti amangoimva, sanaigwirepo.

Ndawerenga zimene zingapite. Ntchito ya ku Solihull. Mapepala okhalira kuno. Nyumba ino yosamaliza kulipira. Mdzukulu wanga Jade, amene Chichewa chake ndi "zikomo" ndi "ndakhuta", akakhala bwanji ku Ntchisi?

Lamulo ndimalidziwa. Katundu akathyoka, mlandu umagwera amene anali naye m'manja. Akabwera n'kupeza chinthu chili bwinobwino, mlandu palibe. Mesenjala amamwa madzi n'kubwerera.

Kiyi wa kabokosi kosungiramo kamfuti amamubisa mu nsapato yothamangira, yakumanja.

Lachitatu, 4 Sepitembala

Onse atuluka. Nyuzipepala pa tebulo, magalasi pamphuno, kamfuti pakati. Zipolopolo zake zaphokoso amasunga kwina, sindinazifune.

Ndakonzapo njinga, maloko, pulayimasi, wailesi ya malemu mayi a Mildred. Mfuti ndi loko yemwe, kungoti amalira.

Pa sikuluu imodzi anamatapo kapepala konyezimira, ka zilembo ngati nyerere. Ndakadula bwino ndi lezala, mowongoka. Sindine munthu wong'amba zinthu.

M'kati mwaukhondo. Chothyoka ndachipeza msanga: kachitsulo ngati chala cha nkhuku, kamene kamakankha ng'oma. Kaduka pakati. Chitsulo chake chabodza, ukachikanda chimatuwa ngati ndowa yotchipa.

Ndasema kena pa chogwirira cha supuni ya tiyi. Tupa ndaipeza mu shedi. Masana onse. Kakwana ndithu, ndinadziyamikira.

Kenaka kasipuling'i kanati tswii, kulumpha. Ndinamva kakugwa. Kapeti wa m'nyumba muno ndi wa ubweya wautali, wotuwa. Ndakwawa mpaka bondo kukana.

Ndabweza zonse m'kabokosi, kiyi mu nsapato. Mildred wafunsa chifukwa chake thalauza yatuwa m'mawondo. Ndati ndimapemphera. Pang'ono ndi zoona.

Lachinayi, 5 Sepitembala

Kasipuling'i sikanapezeke. Ndaikamo ka mu bolopeni, nditakadula.

Tsopano ng'oma ikuzungulira. Ikafuna. Ukakoka kangapo imayenda, kenaka imaima ngati bulu pa mlatho. Sikuluu imodzi yatsala pa nyuzipepala, ndipo sindikuona bowo lake. Ili m'thumba la jekete.

Ndaganiza mofatsa. Akabwera mawa, amene anagwira komaliza ndine. Imeneyo si nkhani yopeka, ndi mmene zilili. A Wallace ali ndi zaka zambiri kutsogolo, ine ndadya kale zanga. Munda ku Ntchisi akulima ndi mwana wa mlongo wanga. Ndende za kuno akuti muli zotenthetsera.

Pa chakudya cha madzulo ndinawayang'ana a Wallace nthawi yaitali. Anandipatsira mchere. Sindimafuna mchere.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Ndinena mwa dongosolo.

Ndinadzuka, kusamba, kumeta. Jekete yakuda, tayi, nsapato zopolisha. M'kachikwama: mankhwala a BP, mswachi, Baibulo, sokosi, chithunzi cha malemu. Ndinakhala pampando pafupi ndi chitseko. A Wallace anali kumwamba, anapempha tchuthi cha m'mawa kuti adikire anthuwo.

Belu. Ndinatsegula ndine. Mnyamata wa ndevu, kabudula, chipewa, vani yoyera kumbuyo kwake. Ndinati m'mtima, apolisi a kuno atayirira.

Ndinamuuza m'Chingerezi cha kukhoti, chimene sindinachiiwale: dzina langa, la bambo anga, mudzi, mfumu, boma. Ndinati wolakwa ndine, mwini nyumba sadziwa kanthu. Ndinatambasula manja onse awiri pamodzi, monga amachitira munthu wosafuna kuvutitsa.

Anayang'ana manjawo. Anaikapo kamakina kosainira.

A Wallace anatsika ndi kabokosi. Mildred pambuyo pawo, atavala gauni. Anafunsa kachikwama n'kachiyani. Ndinayankha. Kenaka Mildred anakhala pansi pa masitepe n'kuyamba kuseka mpaka misozi, mpaka kutsokomola. "Adadi! Ameneyu ndi wa kampani yonyamula katundu! Mayo ine, nthiti zanga!"

A Wallace sanaseke. Anamva mawu oti "ndinagwira komaliza". Anatsegula kabokosi, natembenuza kamfuti, naika chala pa kapepala kodulidwa kaja. Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinatulutsa sikuluu m'thumba n'kuwapatsa. Analandira ndi manja awiri.

Mildred atasiya kuseka anati amatepo bwino kapepalako, a sitolo sadziwa. Ndinati ayi. Sindinanamepo pa khoti, sindiyambira ku Ulaya. A Wallace anati: "Ngakhale titamata, m'katimu akapezamo supuni."

Anadziwa bwanji kuti ndi supuni? Akuti duwa la pa chogwirira likuoneka.

Wa kabudula ananyamula kabokosi. Pochoka anandiimikira chala chachikulu.

Lamulungu, 8 Sepitembala

Dzulo sindinalankhule mu foni. Panalibe chonena.

Mildred wandifotokozera tili m'galimoto kuchokera kutchalitchi. Kuno walanti zilipo ziwiri. Ina ndi yomangira munthu, imene ndimaidziwa ine. Inayo ndi lonjezo la sitolo: chinthu chikathyoka chisanathe chaka, amakonza ulere kapena kukupatsa china. Bola usatsegule wekha. Kapepala konyezimira kaja kankanena zimenezo.

Ndinamuuza atchule onse awiri. Anatchula. Kusiyana kwake ndi ka "i" kakumapeto. Yomangira ilibe, ya sitolo ili nako.

Nanga ife si timaika "i" kumapeto kwa mawu onse? Buledi. Sitampu ndiye ina, koma khoti, foni, shati, tikiti. Munthu ungadziwe bwanji kuti "i" uyu ndi wawo, si wathu?

Mildred anati zoona adadi, koma mukanafunsa. Ndinati ndinafunsa.

Kutchalitchi nkhani yafika kale. Mayi wina wa ku Chipata, wosamalira okalamba, anandigwira dzanja: "Atate, mwatuluka liti?" Ndinati pa belo.

Lachitatu, 11 Sepitembala

A sitolo ayankha. Walanti yafa, chifukwa munalowa manja. Akanapanda kulowa, akanatumiza kena katsopano dzulo. Tsopano akonza molipiritsa, koma kachitsulo koyenera kachokera kunja, kafika mu Okutobala. Afunsanso ngati tikufuna supuni yathu.

Zonsezi ndamva kwa Mildred. A Wallace akulonjera monga kale, mawu osakwera, osatsika. Bola akanakalipa.

Akuimba mafoni kubwereka kwa anzawo a malaya ofiira. Wina ali ku mpikisano wina tsiku lomwelo. Wina sabwereketsa, akuti mfuti ndi mswachi. Mzungu wina wachikulire wa ku Dudley wati mwina.

Kasipuling'i kapezeka. Kanabaya Jade kuphazi. Wakaika pa tebulo osanena kanthu. Nyumba yonse yaphunzira ulemu nthawi imodzi.

Loweruka, 14 Sepitembala

Mzungu wa mwina uja sanabwere. Mkazi wake wagonekedwa m'chipatala.

A Wallace anapitabe. Malaya ofiira anasita okha. Sanandiitane, sanandiletse. Ndinakwera kumbuyo.

Mphepo pabwalo. Makolo ndi maambulera ndi mafulasiki. Woyesa anali mayi wa tsitsi loyera, bolodi m'manja. Ndinaona a Wallace akulankhula naye, manja kumbuyo. Mayiyo anagwedeza mutu, anawagwira paphewa, nalemba kanthu. Mfuti inaliza ndi munthu wina.

Tsiku lonse mkamwini wanga anali kuika ana m'mizere. Uyu apa, uyu apo, chala kumbuyo kwa mzere. Mfuti ikamalira iwo amayang'ana pansi. Koma ndinaona dzanja lawo lamanja. Wina uja akakweza mkono, chala cha a Wallace chimapinda chokha pambali pa thalauza.

Ndinapita kuchimbudzi, ndinakhalako ndithu.

Pobwerera wailesi yokha ndiyo imalankhula. Epulo ine ndidzakhala ku Ntchisi, chitupa changa chitha mu Novembala.

Lolemba, 16 Sepitembala

Ndauzenga mlanduwu ndekha mu shedi. Wodandaula sanabwere, koma umboni ulipo wokwanira. Kulowa m'katundu wa mwini popanda chilolezo. Kuononga. Kutayitsa munthu tsiku lake. Cholinga chinali chabwino, koma ndamvapo oweruza akunena kuti cholinga sichimangitsa mtolo.

Chigamulo: mbuzi imodzi.

Mpongozi kulipira mbuzi kwa mkamwini sindinazionepo. Komanso mpongozi wogona m'nyumba ya mkamwini, kudya zake, kuotha magetsi ake, kale kunalibe.

Yamoyo kuno sagulitsa kwa munthu wopanda khola. Ndafunsa Mildred za basi yopita ku Lozells, kumene amagula nyama kwa Abdul. Wandilembera manambala pa katoni ndi zilembo zikuluzikulu. Ndamuuzanso kuti adzandiyankhulire kwa amuna ake popereka. Wakana. "Adadi, zodzera mwa ine ndi zimene zatifikitsa pano. Pakamwa muli napo. Ndiponso mawa ndili pa shifiti."

Mwana ameneyu anatengera mayi ake.

Lachiwiri, 17 Sepitembala

Mabasi awiri kupita, takisi pobwera. Abdul anafunsa ngati kuli ukwati. Ndinati kuli mlandu. Anawonjezera chiwindi.

Mbuzi yathunthu, yoduladula, majumbo anayi. Ndalama zimene ndimasungira malata a khitchini kumudzi. Khitchini idikira.

A Wallace anafika cha m'ma folo. Anandipeza kukhitchini nditavala jekete, majumbo pansi. Ndinanjuta. Bondo linalira, koma ndinafika. Iwo anadzidzimuka, nataya chikwama, nanjutanso. Anthu awiri akuluakulu pansi pa khitchini, mbuzi pakati.

Ndinanena ndekha, popanda wodzera. Kuti ndinalakwa. Kuti tsiku lawo ndinadya ndine. Kuti nayi mbuzi.

Anati bambo dzukani, simungatero. Ndinati sindidzuka mlandu usanathe, komanso pandekha sindingathe.

Kenaka anati: "Ndinakwiya, bambo. Kwambiri. Mpaka pano kakadalipo." Anandiyang'ana m'maso ponena. Chikwatirire mwana wanga, aka n'koyamba.

Ndinati ndikudziwa.

Anafunsa ngati ndikanapitadi ndi wa kabudula uja. Ndinati sokosi ndinalongedza zitatu. Anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Sindikudziwa ngati kunali kuseka kokha. Anati alandira. Anandidzutsa ndi manja awiri.

Vuto lina: mbuzi sikukwana mu firiji. Miyendo yaitali. Tinayala mapepala pa tebulo kuti tiduleso. A Wallace anatenga mpeni waukulu, kucheka, kucheka, osalowa. Wobuntha ngati chikwanje cha mlesi.

Ndinati mu shedi muli tupa, ndikhoza kunola.

Anayang'ana mpeni. Anayang'ana ine. Anayang'ananso mpeni.

Anautembenuza, nandipatsa chakuchogwirira.