Mthunzi Ukafika Pamwala

Kwa Mbenje, Nsanje
Ogasiti 18

Wokondedwa mng'ono wanga Monalisa,

Uli bwanji ku Limbeko? Chifuwa chija chinakusiya? Kuno tilipo, kupatula mwendo wa alamu ako a Fanuel umene ukuvutabe. Mbatata ya kudimba yachita bwino, koma dzuwa layamba kale kulusa ngati tafika Okutobala.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati kulibe foni. Pafoni ndimangoti zonse zili bwino, iwe n'kuseka, ine n'kudula. Ndapatsira Esinala, uja amabweretsa milamba yowamba kumsika wa kumeneko. Ukhale pansi powerenga, osati uku ukukolopa m'nyumba ya abwana.

Nkhani ndi ya mwana wako Tithokoze. Mwezi wa mawa sukulu zikutsegulira, ndipo tamulembetsa kale Sitandade 1. Koma ine mtima suli m'malo.

Ku mkombaphala wachita bwino, zimenezo sindinakunamize. Chimene sindinakuuze n'chakuti poyamba ankakana kusiya chitenje changa. Masabata awiri ndinakhala pamuzu wa mtengo wa nimu pakati pa tiana, mayi wamkulu ngati ine, kutsala pang'ono kupatsidwa kapu ya phala.

Anti Lily, mlezi wa anawo, ndiwo anapeza nzeru. Anatola mwala n'kuuika pansi, namuuza kuti mthunzi wa nimu ukafupika kufika pamwalapo, amayi aakulu afika kudzamutenga. Ine anandilangiza zinthu ziwiri: ndisamuzembe, ndizimutsanzika akundiona, ndiponso ndisachedwe ngakhale tsiku limodzi. Kangapo konse ndasiya khasu pamzere n'kuthamanga ngati wamisala kupikisana ndi mthunzi.

Lero ukanamuona. Amawerenga zitsekero za mabotolo mpaka makumi awiri, amalemba T wa dzina lake, amapempha akafuna kuchimbudzi, amadikira pamzere wa phala. Amalongosolanso anzake. Pakamwa anatengera iwe ndithu.

Sabata yatha alezi anatenga ana onse omaliza kuti akaone sukulu ya pulayimale, azolowere kalasi lawo. Ndinapita nawo. Tithokoze ndiye anali patsogolo, akutsogolera nyimbo. Atafika pakhomo la Sitandade 1 anaima chilili.

Monalisa, ndi chipinda chomwe chija tinkagonamo madzi atatikokolera nyumba. Ngakhale msomali umene tinkakolekapo neti ulipobe.

Sanalire. Anagwira felemu la chitseko, mkodzo ukutsika m'miyendo, anzake akuona. Anti Lily anagwada n'kumufunsa chavuta, iye anangoti: "Muno amayi amasowa."

Ine ndinkaganiza kuti mwana wa zaka zitatu sakumbuka kanthu.

Mlandu ndi wanga. Tsiku limene unachoka pakampu paja kukayamba ntchito, unkafuna kumutsanzika. Ine ndinakuletsa, ndinati angolira pachabe, umuzembe monga timachitira tonse. Ndinamukhazika m'chipindamo ndi phala, iwe n'kukwera kabaza kuseri kwa sukulu. Sindinakuuze kuti anakhala pakhomo pomwepo masiku anayi akuyang'ana kumsewu. Ndipo Khirisimasi iliyonse ukabwera timabwereza zomwezo, iwe n'kunyamuka iye asanadzuke, chifukwa ine ndiye ndimati ndi bwino choncho.

Zonsezi ndinawaululira anti Lily, manyazi atandigwira. Sanandikalipire. Anati mwanayu mwala uja amaukhulupirira chifukwa sunamunamizepo, koma chipinda chija chinamunamiza. Anati pakufunika munthu amusiye m'menemo atatsanzika, kenako abwere pa nthawi yake, ndipo munthuyo akhale yemwe uja anasowa.

Ndinayesa kuzemba mawu awowo. Katatu ndapita naye, ahedi akutitsegulira mwachifundo. Ine ndimalowa, kukhala pansi, kuimba nyimbo za ku mkombaphala ndekha ngati chitsiru. Iye amaima pakhonde n'kumandiitana kuti nditulukemo msanga.

Ndikuopa, mng'ono wanga. Sitandade 1 ya kuno ana amadutsa zana, mphunzitsi mmodzi. Adzaipeza kuti nthawi yonyengerera mwana mmodzi wapakhomo? Anzake adzalowa, iye adzatsala, ndipo ena ayamba kale kumuseka za mkodzo zija. Alamu ako akuti angokakamizidwa ndi kamtengo, azolowera. Ndawauza kuti akayerekeza adzadziwa chimene ndili.

Tsopano imva chachiwiri, ndipo undikhululukire. Dzana anandifunsa kuti tsiku lotsegulira adzamuperekeza ndani. Pakamwa panga panathamanga, ndinati: "Amayi ako." Iye anafunsa: "Adzanditsanzika?"

Ndinati eya. Ndalonjeza m'dzina lako usanavomere.

Mawa lake anakapempha mwala uja kwa anti Lily. Anaunyamula yekha m'manja awiri mpaka ku pulayimale, ine ndikutsatira. Anti Lily anamuonetsa pamene mthunzi wa kalasi umafika ana a Sitandade 1 akamaweruka, iye n'kuuika pamenepo. M'chipindamo sanalowe.

Ndikudziwa kuti abwana ako savomera msanga. Uwagwire mwendo, uwauze kuti sabata imodzi yokha. Ngati n'kotheka uwawerengere kalatayi, ine manyazi anatha. Usavutike ndi nsapato kapena chikwama, yunifolomu ndasoketsa kale. Ubwere iweyo, umugwire dzanja, ulowe naye, umutsanzike akukuona. Ukatero ukakhale pansi pa mtengo uliwonse, koma mthunzi usakupitirire.

Ndipo tsiku lobwerera ku Limbe udzanyamuke masana, utamuuza tsiku limene udzabwerenso. Akalira, alire. Ine ndiye ndidzamutonthoza.

Undiyankhe kudzera mwa Esinala, kapena uimbe nthawi imene mwanayu ali ku mkombaphala. Ngati yankho ndi lakuti ayi, undiuze msanga, ngakhale sindikudziwa kuti ndidzayambira pati kumufotokozera.

Upereke moni kwa amalume a Goodwell ndi banja lawo ku Bangwe. Alamu ako akupereka moni. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu, afewetsenso mitima ya abwana akowo.

Tithokoze sanapereke moni, palibe pakhomo pano. Wapita ndi anti Lily kukaona ngati wina sanasunthe mwala wake.

Ndine mkulu wako,
Priska