Mayeso a Esinati ndi mbalame za m'mapira

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno kwa Katunga. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ku Joniko. Ife tilipo, kungoti mtima wanga uli m'mwamba chifukwa cha mwana wanga Esinati.

Paja akoleji anamutumiza kusukulu yathu kuti azolowere kuphunzitsa. Sabata yatha akolejiwo anabwera kudzayesa ana a m'kalasi mwake kuwerenga. Munthu angabwere bwanji nthawi ino mapira akucha? Ana okulirapo, odziwa kuwerenga, onse anali kuminda kuingitsa mbalame. Anangopeza tiana tating'ono, ndipo malikisi a Esinati ndi ochititsa manyazi.

Mwiniwake akungoseka. Akuti, "Amayi, sakuyesa ine. Akufuna aone pamene iwowo akuperewera potiphunzitsa." Ine ndinamufunsa kuti, nanga akadzakumana ntchito, udzakadandaula kwa mbalame?

Akolejiwo abweranso Lachinayi. Ndiye ndazungulira makomo kupempha makolo kuti atumize ana kusukulu tsikulo, mbalamezo ndikaingitsa ndine. Avomera onse, achimwene, mpaka a Fole amene munda wawo uli kutsidya kwa dambo. Miyendo ndili nayo iwiri yokha.

Mundipempherere, ndipo mumuimbire Esinati asiye kuseka, atenge chitini choingitsira mbalame Loweruka tikayeserere limodzi. Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Felista