Ndinayatsa Mbaula pa Sabata

Kabwata, Lusaka

Okondedwa akulu anga a Melanie,

Moni m'dzina la Ambuye. Kodi muli bwanji kumeneko ku Katete? Nanga mwendo wa atate uja unaphwa? Ine ndilipo, pang'onopang'ono.

Matenda a mtima aja sanandisiye. Mphamvu zanga za tsiku zimangokwanira ntchito ziwiri. Ndikasamba n'kutsika masitepe a fulati kukagula ndiwo, basi tsiku latha, ndimagona kuyang'ana kudenga. Anzanga a kuntchito analeka kuimba foni. Sindiwada, munthu wongokana kubwera amatopetsa.

Tsono pali chimene ndifuna kuulula. Mukudziwa mmene malemu amayi anatilerera: Lachisanu kuphika, kusita, kukolopa, zonse zithe dzuwa lisanalowe. Ndakhala ndikutero, koma kukacha pa Sabata ndimalephera ndi kudzuka komwe. Masabata asanu sindinaponde kutchalitchi. Nyumba ili mbee, diresi losita lili pakhoma, ine pabedi ndekha, kumvera nsapato za anthu opita kukapemphera. Ba Muriel, mtsogoleri wa amayi a Dorika, anandiuza kuti anthu akuti ndabwerera m'mbuyo, poti nkhope yanga sioneka ya wodwala.

Lachisanu lapitali ndinangosita diresi n'kugona. Sabata m'mawa magetsi kunalibe, ndiye ndinayatsa mbaula pakhonde n'kuphika phala, pakuti mankhwalawa safuna m'mimba mopanda kanthu. Kutchalitchi ndinafika, akulu anga! Ndinakhala pabenchi yakumbuyo, ndinaimba vesi limodzi mpweya usanandithere. Koma utsi unali utaoneka. Ba Jonas, okhala fulati ya pansi panga, omwe amaimbirana foni ndi atate, anandifunsa moseka ngati masiku ano Sabata limayamba phala likapsa.

Pempho langa ndi limodzi. Muwauze atate inuyo asanamve kwa ena. Akhala mkulu wa mpingo kuyambira tili ana, ndipo ndiopa kuti adzachita nane manyazi. Ine pafoni sindingathe, mawu awo akangolimba mtima umandithamanga. Muwauzenso kuti Sabata likubwerali ndidzaphikanso. Ndapemphera, ndalira, koma zonse ziwiri sindingakwanitse, ndipo ndasankha kukakhala pakati pa anthu. Akakwiya musandibisire.

Mupereke moni kwa alamu anga, azakhali, ndi ana onse. Atate muwapatse moni wanga musanayambe nkhaniyo.

Ndine mng'ono wanu,
Ursula