Difu ya galimoto ya Madam

Aphunzitsi 09:12
mlamu difu ija ya pakati pa matayala akumbuyo ndatsegula. oyilo yense wathera pa malaya anga a ku sukulu koma zili bho. next?

Makanika 09:14
mwatsegula chani?? ndinati mudikire ndichoke kwa dokotala wa mano

Aphunzitsi 09:15
achemwali anu galimoto akuifuna 2 koloko. ntchito ya dokotala wa ziweto mukuidziwa, misewu ya ku mafamu ndi matope okhaokha. ndinalumbira kuti lero locker, kachitsulo kothandiza pa matope kaja, ikhalamo mu difu, sakatitimiranso

Aphunzitsi 09:15
komanso ndawauza kuti mukuika ndinu

Makanika 09:16
ndiye mphunzitsi wa geography walowa pansi pa galimoto ya mlongo wanga mu dzina langa

Aphunzitsi 09:17
video ndaonera kawiri. mkulu wa mu videoyo anamaliza mu 11 min, malaya ali mbee

Makanika 09:21
🎤 mawu 1:48

Aphunzitsi 09:24
sindinamvepo kanthu. mukulankhula ngati muli ndi thonje mkamwa

Makanika 09:24
NDILI ndi thonje mkamwa

Aphunzitsi 11:03
yalowa!! koma ndikazungulitsa tayala ili linzake likupita chammbuyo. ndapha galimoto?

Makanika 11:06
ayi difu ndi mmene imachitira. locker ikagwira onse awiri aziyendera limodzi. oyilo watsopano mwathira?

Aphunzitsi 11:19
pano ndathira

Aphunzitsi 11:31
kwatsala switch. moto ndiutenge pa waya uti

Aphunzitsi 11:48
mlamu

Aphunzitsi 12:05
mlamu plz

Aphunzitsi 12:22
basi ndapeza wofiira pansi pa chiwongolero. wofiira aliyense ndi wa moto, olo mwana wa form 1 akudziwa

Makanika 13:20
anandigoneka pa mpando, dzino latuluka. wofiira UTI? asayende nayo ndisanaione

Aphunzitsi 13:23
anyamuka kalekale. ayitanidwa msanga, ng'ombe ya munthu ikulephera kubereka chiyambire mmawa. andiuza kuti ndikuthokozeni kkk

Makanika wawonjezera Madam pa gulu

Makanika 13:25
achemwali galimoto yanu ine sindinaikhudze olo ndi chala. afunseni amuna anu

Aphunzitsi 13:25
mlamu mwandigulitsa dzuwa likuswa mtengo

Madam 14:22
ndatitimira. switch ndadina ka 10, tayala limodzi likungopala matope ngati nkhuku. mwini ng'ombe wayimba kanayi akulira, ndi yokhayo ali nayo

Madam 14:23
bambo a mwana, ng'ombe imeneyi ikafa mukamufotokozera ndinu. mutenge ndi video yanuyo

Aphunzitsi 14:24
darling khalani chete kaye muganize bwino

Aphunzitsi 14:24
sorry. sindimatanthauza choncho

Madam 14:29
dikirani. ndamenya chiwongolero ndi ukali, hutala yalira, galimoto yasuntha. nditasiya yayambanso kupala

Makanika 14:30
mlamu. waya wanu wofiira uja ndi wa hutala

Aphunzitsi 14:30
koma moto ulimo eti

Makanika 14:31
ulimo hutala ikamalira basi. achemwali switch ikhale on, dzanja lisachoke pa hutala mpaka matope athe. pouma musiye, apo ayi ikana kukhota

Madam 14:31
matope ake ndi 3 km!! pali sukulu ndi msika mnjiramu

Makanika 14:32
apatseni moni

Madam 14:40
🎤 mawu 0:14

Aphunzitsi 14:41
mukungomveka hutala ndi agalu. muli bwino?

Aphunzitsi 15:02
mwafika?

Aphunzitsi 15:20
mlamu ndili ndi mantha zenizeni. kwanu kuli malo ogona?

Makanika 15:21
pansi pa galimoto. mwazolowerapo kale

Madam 15:47
📷 chithunzi

Madam 15:48
kamwana ka ng'ombe, kakakazi, kali moyo. ndalowa pa geti hutala ili pakamwa, mayi wake wadzidzimuka nkudzuka, kamwana phuu pansi. ine chikwama ndisanatsitse nkomwe

Madam 15:49
ana a sukulu 30 andithamangira mpaka kuno, akuyesa ndikugawa zinthu. mwini ng'ombe akufunsa ngati njira imeneyi ndinaphunzira ku college

Makanika 15:50
kkkkkk bala la dzino latseguka

Aphunzitsi 15:52
ndiye tinene kuti ng'ombe ndabereketsa ndine?

Aphunzitsi 16:10
darling?

Madam 16:31
pobwerera matope ndi omwewo. mukamva hutala yambani kuthawa