Kafukufuku wa Nkhuku Ziwiri

Lolemba, 3 Malichi

Mvula m'mawa, dzuwa masana. Makina osokera akudula ulusi, diresi la kasitomala likadali theka.

Nkhondo yatsopano m'nyumba muno. Abambo a kuno apeza chochita. Chipumireni pantchito yoyendera masikelo m'mashopu manja awo amangoyabwa, a mumsewu muno sanalakwe kuwatcha a Sikelo. Dzulo pa gulu lawo la pa foni la opuma pantchito wina waponya nkhani ya zakudya zosinthidwa chibadwa ku labu. Ati tomato wosaola, chimanga choti mbozi imachithawa. Lero ndadzuka ndapeza kabati ya kukhitchini yagawidwa pakati ndi tepi yofiira. Kumanzere za Mulungu, kumanja zokayikitsa. Mafuta ophikira kumanja. Soya kumanja. Mchere nawo unapita kumanja, ndachita kuuchonderera.

"Chinthu chopanda chidindo sichilowa m'mimba mwanga," atero. Munthu amene amadya zokazinga za pamsewu zokulungidwa m'nyuzi!

Lachiwiri, 4 Malichi

Mzime wathu waimba foni nthawi yopuma kuntchito kwake. Mawu okhaokha ndinadziwa kuti pali nkhani. Ali ndi munthu. Akufuna kubwera naye Lamulungu la sabata yamawa kuti timuone. Mtima wanga phaa! ndinavina ndekha pakhonde, tepi yoyezera ili m'khosi.

Kenako ndamufunsa ntchito ya mnyamatayo. Ati amagwira ku malo ofufuzira mbewu. Mbewu zanji? Chimanga chosinthidwa chibadwa kuti mbozi isamachidye.

Ndinakhala pansi. Amuna onse ali padziko pano, ma dalaivala, aphunzitsi, ometa, mwana wanga wakasankha mdani wa tepi yofiira.

Mawu ake omaliza akundizungulirabe m'mutu: "Amayi, adadi akamuchititsa manyazi, pakhomo panu sindidzapondanso. Sindikuseka." Mwana uyu ndikumudziwa. Mutu wake ndi wa bambo ake enieni, akati iyayi ndi iyayi.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndawauza atakhuta, kuti mwina m'mimba muthandize. Ayi ndithu. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. "Wa ku labu?" Basi dzina lapezeka. Tsiku lonse wa ku labu uja, wa ku labu uja.

Madzulo nkhani yafika pa mpanda. Anesi a kuseri kwathu, nawonso opuma pantchito ya kuchipatala, ati iwo saopa, bola akatswiri ayeze mokwanira, njala ndiyo yapha anthu ambiri amene anawaona ndi maso awo. A Sikelo ati woyezayo wamuyeza ndani? Anesi ati nanga mapiritsi anu a magazi othamanga anamera mumtengo? Apo abambo anakhosomola. Kenako anabweza kuti mapiritsi amalembedwa pa botolo, munthu amamwa akudziwa, koma za m'thumba la ufa akubisiranji? Alembe poyera, wofuna agule, wosafuna asiye. Anesi ati apo pokha mwanena zoona. Aliyense analowa m'nyumba akuona ngati wapambana.

Ine sindikudziwa kumene ndili. Ndimangofuna mafuta anga abwerere kumanzere. Ndalama zogulira ena ndilibe, mitengo yake masiku ano ndi yolasa mtima.

Lachisanu, 7 Malichi

Wanjinga yamoto wabweretsa thumba. Chimanga chachiwisi, chachikuluchikulu, maso ake odzaza mpaka kunsonga. Mzime watumiza uthenga waufupi: zachokera kwa mnyamata uja, moni wake.

Ine malovu kale m'kamwa, poto ndatsuka. Abambo atulukira, aima pakati pa ine ndi thumba ngati wapolisi wa pamsewu. Ati chimanga cholongosoka chonchi, chopanda mbozi ngakhale imodzi, si cha Mulungu ichi. Ati mnyamatayo watitumizira za ku labu kuti atiyesere ife ngati makoswe. Anyamula thumba atavala majumbo m'manja. Latsekeredwa m'kachipinda ka makasu, kiyi m'thumba la buluku.

Safunsa anadya phula, ndikudziwa. Koma ndikawauza kuti tingoimba foni tifunse, ati wakuba safunsidwa ngati waba.

Loweruka, 8 Malichi

Ndaseka mpaka nthiti kuwawa.

Kafukufuku wayamba. Nkhuku zathu zathadzi ziwiri, yoyera ndi yamawanga, zalembedwa ntchito osafunsira. Khola lagawidwa pakati ndi makatoni. Yoyera izidya chimanga cha wa ku labu, yamawanga cha kumsika. Sikelo yanga ya kukhitchini yalandidwa. Ayamba ayiyesa kaye ndi paketi ya shuga, ati yapendekeka pang'ono koma aikhululukira.

Kuyeza nkhuku si masewera. Yamoyo siima pa sikelo. Aiika m'beseni, yalumpha. Aiika m'jumbo mutu uli kunja, yawajompha chala. Pomaliza aikulunga m'nsalu yanga yotsala ku diresi la kasitomala, ngati khanda la kusikelo ya ana. Magalasi pamphuno, nkhope ya kukhoti. Zaka zonsezi ndili nawo sindinawaonepo akusangalala chonchi.

Mwina ziwathandiza. Akatanganidwa ndi nkhuku, mwana wa eni apuma.

Lolemba, 10 Malichi

Chinsinsi changa ndi nkhuku. Masana abambo akagona pampando wailesi ili pamimba, yamawanga imapyola pansi pa katoni n'kukadya mbale ya inzake. Yoyera nayo imabwezera ulendo. Zimadya uku ndi uku, kenako iliyonse kwawo, nkhope zosalakwa. Ndimaonera ndili pa makina.

Ndiwauze? Ndiwononge chimwemwe cha munthu wokalamba? Ndatseka pakamwa.

Diresi latha. Kasitomala ati m'chiuno mwathina. Si diresi lathina mayi, ndinangonena mumtima.

Lachitatu, 12 Malichi

Zavuta. Yoyera yasiya kuikira. Yakhala pakona, nthenga nyankhalala, ukayandikira ikulira ngati ikutukwana. Mwana aliyense woleredwa pakhomo pa nkhuku angakuuze kuti ikufuna kufungatira. Ndanena. Ati ine ndi telala, ndisoke.

Umboni wapezeka basi. Aimbira anzawo a pa gulu. Awiri abwera kudzaona, mmodzi ndi ndodo, wina ndi ambulera ngakhale kunalibe mtambo. Aima mozungulira khola manja kumbuyo, kupukusa mitu. Wa ambulera ati boma liletse zinthuzi lero lomwe. Wa ndodo ati kuletsa ayi, mlamu wake mbozi inamumalizira munda wonse chaka chatha, mankhwala opopera anamuyabwitsa thupi, mwina mbewu zoterezi zingamupumitse, bola zilondoledwe bwino. Anakangana mpaka tiyi wanga kutha, shuga naye.

Anesi anasuzumira pa mpanda. "Ikani mazira pansi pakepo muone." Palibe anawamva.

Lachisanu, 14 Malichi

Mzime waimbanso. Adadi ali bwanji? Ndati ali bwino, atanganidwa ndi ziweto. Si bodza.

Ndachapa makatani, ndatulutsa mbale za alendo. Ndawagwadira abambo, kugwada kwenikweni, mawondo anga olira awa. Lamulungu nkhani ya nkhuku isatuluke. Muli ndi mafunso, funsani ngati kholo. Ati iwo ndi munthu wophunzira, sachititsa manyazi mlendo, angomuonetsa zotsatira.

Mantha andigwira. Ana ena onse anapita kutali, amaimba pa mwezi kamodzi. Uyu yekha ndiye amatulukira Loweruka ndi kabuledi, kundikhalira pa makina, kundiseka imvi. Akasiya kubwera nyumba ino isanduka chiyani?

Lamulungu, 16 Malichi

Ndilembe, mwina mtima utsika.

Anafika nthawi yabwino. Mnyamata wamtali, woonda, nsapato zopukuta, moni wa manja awiri. Wamanyazi. Ndinamukonda asanakhale n'komwe pansi.

Poyamba zinayenda. Abambo mafunso ngati kukhoti, iye kuyankha mofatsa. Ati chimanga chawo chikadali pa mayeso, m'munda wa mpanda, mlonda pageti. Ati potuluka amawasecha m'matumba, nsapato amagwedeza, zotsala zonse amawotcha. Njere imodzi itatuluka, ntchito yake yatha. Abambo anafunsa ngati iye angadyetse ana ake. Ati oyeza akamaliza n'kuvomereza adzayamba ndi iye kudya, akakana adzawotcha ndi manja ake. Za kulemba pa thumba ati akugwirizana nazo, munthu adziwe chimene akugula. Ndinaona abambo akusowa pogwira. Mdani akamakuvomereza umamenya chiyani?

Ndiye anadzuka. Ndinadziwa. Anabwera ndi yoyera m'manja, ikulira, nthenga zili mbuu pa kapeti yanga. Aiika patebulo pakati pa mbale za alendo. "Ngati njere situluka, ichi n'chiyani? Yadya chimanga chako sabata yathunthu, taona mmene yakhalira."

Mnyamata anayang'ana nkhuku, anayang'ana Mzime. Anafunsa kuti chimanga chiti. Atamva, nkhope inagwa. Sanakweze mawu. "Chija n'cha kudimba kwa amayi anga. Mbewu yake amasunga okha chaka ndi chaka. Anathyola okha m'mamawa, kusankha zikuluzikulu, ati apongozi akalawe."

Nkhuku yokha ndiyo inayankhula, kenako inasiya chizindikiro pa nsalu ya patebulo.

Ati ndi mayi wamasiye, miyendo yovuta, dimba amathirira ndi keni. Mphatso yake yoyamba kwa ife tapatsa nkhuku ngati poizoni. Dzulo lake anafunsa mwana wake ngati tinachikonda.

Mzime sanalire, bola akanalira. Anatola chikwama. "Ndinanena, amayi." Mnyamata anatsanzika mwaulemu, manja awiri ngati pofika. Chakudya chonse chinatsala osachikhudza.

Ine ndinaseka nawo masiku onsewa. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo.

Lolemba, 17 Malichi

Foni ya Mzime ikulira osayankhidwa. Uthenga wawerengedwa, yankho palibe.

Abambo sanayatse wailesi. Gulu la pa foni likulira m'thumba, sakuliyang'ana. Ndawapatsa chakudya chadzulo chotenthetsa, adya osafunsa mafuta ake achokera mbali iti ya kabati.

Ndinawauza za nkhuku zopyola pansi pa katoni, dala, kuti ziwawawe. Anangoti, "Ndiye kafukufuku yense anali wabodza." Ndati eya. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

Lachinayi, 20 Malichi

Palibe. Ndasoka zipi mozondoka, ndaphwasula, ndasokanso mozondoka.

Anesi anabweretsa mazira a nkhuku zawo, aika pansi pa yoyera. Yakhala phee, yakhutira. M'nyumba muno ndi yokhayo ili pamtendere.

Loweruka, 22 Malichi

Tsiku lobwera Mzime. Ndinasesa kawiri, khutu lili kugeti. Anagogoda ndi wogulitsa masache.

Abambo anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, nyuzi ili mozondoka pamiyendo. Sindinawauze. Polowa anati, osandiyang'ana, "Ali wakhanda ndinkamuyeza ndekha Loweruka lililonse, pa sikelo ya kuntchito." Analowa kuchipinda. Ndinatsala ndikulira pa makina ngati chitsiru.

Lolemba, 24 Malichi

M'mawa ndamva phokoso kukhola. Ndatuluka, ndapeza abambo mu suti ya maukwati, tayi yopendekeka, akuthamangitsa yamawanga kuzungulira mtengo wa mapapaya. Yoyera ili kale m'katoni, pamodzi ndi mazira ake ndi udzu, mabowo opumira aboola bwinobwino ndi sizasi yanga yodulira nsalu.

Ndafunsa kuti ulendo wa kuti. Ati kwa mayi a mnyamata uja, njira anawalongosolera wanjinga yamoto amene anabweretsa thumba. Nanga nkhukuzi? "Chimanga chawo chili m'mimba mwa izizi. Ndikabweze katundu wa eni, ndikapepese pamaso."

Ndaseka misozi ikutsika. Ndawakonza tayi, ndawachotsa nthenga paphewa. Pageti atembenuka, katoni m'manja, chala m'mwamba. Ati ndisaganize kuti agonja, za ku labu sanavomereze, chidindo akuchifunabe, ndipo akakhala pansi adzakangana naye bwinobwino mkamwini wawoyo.

Mkamwini. Atero ndithu, ndi pakamwa pawo.

Apita wapansi mpaka pokwerera basi, yamawanga itatulutsa mutu pabowo ikuyang'ana dziko. Sindikudziwa ngati mayiwo awalandira kapena awathira madzi a keni. Ndamulembera Mzime mawu ochepa: adadi ako anyamuka ndi nkhuku zonse, mu suti.

Wawerenga. Akulemba. Wasiya. Akulembanso.

Foni ikulira. Ndi iyeyo. Ndiyankhe kaye.